Kakampani ka ku Ndola kamene kanatulutsa Zamrock

Mbale yakale ya galamafoni imakhala ndi maina awiri. Loyamba ndi la woimba, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto. Lachiwiri lili pa kapepala kozungulira komata pakati pa mbaleyo, pafupi ndi kabowo, ndipo ambiri timangolidumpha. Limenelo ndi dzina la amene anatulutsa ndalama m'thumba nyimbo isanagulidwe ndi munthu ngakhale mmodzi. Pa mbale zambiri za rock zimene zinatuluka m'Zambia m'zaka za m'ma 1970, dzina lachiwirilo ndi Zambia Music Parlour, kakampani ka ku Ndola ka a Edward Khuzwayo.

Nyimbo zimenezo lero zimadziwika kuti Zamrock, ndipo za oimba ake zakambidwa kambiri: a Jagari Chanda a bandi ya WITCH, a Rikki Ililonga, a Paul Ngozi, anyamata a Amanaz. Za munthu amene ankawerenga mangwee kuseri kwa kauntala sizimveka kwenikweni. Koma wofuna kumvetsa chifukwa chake Zamrock inayaka mwamphamvu chonchija n'kuzima zaka khumi zisanakwane ayenera kusuzumira kuseri komweko. Luso la oimba silinathe ayi. Chimene chinaduka ndi ulendo wa nyimbo kuchoka m'manja mwa woimba kukafika pa singano ya galamafoni m'nyumba ya munthu, ndipo ulendo umenewo unkayendera ndalama zakunja, pulasitiki, ndi malipiro a anthu a m'migodi.

Kampani yotulutsa mbale siimba. Ntchito yake ndi kulipiriratu. Imalipira maola a mu situdiyo, imagula tepi yojambulira, imalipira fakitale yodinda, imasindikiza zikuto, imanyamula makatoni kupita nawo m'masitolo, kumene eni ake ambiri amatenga katundu pa ngongole n'kudzalipira akagulitsa. Ndalama zonsezi zimatuluka miyezi ingapo ngwee yoyamba isanalowe. Kwa ife a Kum'mawa izi si zachilendo. Ndi mmene amachitira makampani a thonje ku Katete ndi ku Petauke: mbewu ndi mankhwala pa ngongole mvula isanagwe, kenako kudula zawo pa sikelo nthawi yogula, mlimi n'kulandira zotsala. Woimba nayenso amalandira zotsala kampani itabweza zimene inawononga. Chimbale chikakana kuyenda, woimba amatsala ndi dzina, kampani imatsala ndi makatoni osatsegula.

Tikamati kampani yodziimira payokha, tikutanthauza kuti kumbuyo kwake kulibe chimphona ngati EMI, Decca kapena Philips, chokhala ndi mafakitale akeake ndi nthambi m'maiko ambiri. Chimphona chikhoza kuluza pa zimbale zingapo n'kubweza zonse pa chimodzi chimene chagwira msika. Kakampani kakang'ono kali ndi thumba limodzi ndi khutu limodzi. Ubwino wake ndi woti mwini wake akamva bandi Loweruka usiku n'kuikonda, Lolemba akhoza kuiuza kuti ikonzekere kujambula, popanda kulembera kalata bwana wa ku London amene sanamvepo Chibemba chibadwire.

Si mwangozi kuti zonsezi zinachitikira ku Migodi osati ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mkuwa ndiwo unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja, ndipo mtengo wake unali wabwino mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya kunali anthu masauzande olandira mwezi ndi mwezi, kunali magetsi, kunali maholo ndi makalabu ofuna bandi sabata iliyonse. Abale athu ambiri a ku Chadiza, Lundazi ndi Petauke anali komweko kuwalale, ena mpaka kusanduka matchona. Mnyamata wobadwira m'komboni ya mgodi ankakula akumva Chibemba panjira, Chinyanja kapena Chitumbuka m'nyumba, ndiponso Beatles, Rolling Stones ndi Jimi Hendrix pa galamafoni ya mkulu wake. Mu 1970 James Brown anafika yekha kudzaimba m'Zambia. Mabandi oyambirira ankangobwereza nyimbo zakunjazo mmene zilili, poti ndi zimene ovina ankaitanitsa.

Kujambula mawu kunalipo kale. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, nthawi ya atsamunda, inkajambula oimba a m'midzi ndi a m'tauni, ndipo kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, kanafikitsa mawu a a Alick Nkhata m'nyumba zambiri. Komatu zojambula za wailesi zinali zoulutsa, osati zogulitsa pa kauntala. Woimba wofuna mbale yakeyake anafunika fakitale, ndipo mafakitale apafupi anali kum'mwera, kumene ndale zinali zitatseka njira. Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha popanda chilolezo cha Britain mu 1965, ndipo mu Januwale 1973 malire a maiko awiriwa anatsekedwa. Kotsala kunali ku Nairobi. Ndiko kumene a Nashil Pichen Kazembe anapangira dzina, ndiponso kumene bandi ya Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga inakajambulira nyimbo zake zoyamba.

A WITCH anayesa njira yawoyawo. Chimbale chawo choyamba, Introduction, anachijambulira ku Malachite ku Chingola, situdiyo imene inamangidwira mafilimu osati mabandi. Tepi inapita ku Nairobi kukadindidwa, mbale zinabwera zowerengeka, ndipo ankazigulitsa okha pamanja kumene akuimba. Anthu anagula. Apa panaoneka zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti Mzambia ndi wokonzeka kulipira nyimbo ya rock yopekedwa ndi Mzambia mnzake, ndiponso kuti oimba sangakwanitse kukhala oimba, onyamula katundu, ogulitsa ndi osunga mabuku a ndalama onse pamodzi.

Mpata umenewo ndiwo analowamo a Khuzwayo. Iwo anali wamalonda wogulitsa mbale, ndipo ine ndimaona kuti mphamvu yawo yonse inagona pamenepo. Wogulitsa pa kauntala amadziwa zimene situdiyo singakuuzeni. Amadziwa mbale imene imatha tsiku la malipiro ndi imene imagwira fumbi. Amaona mnyamata akuitembenuza mbale kawiri katatu, kufunsa mtengo, kutuluka, kenako kubwereranso madzulo ali ndi ndalama yobwereka. Amadziwanso eni masitolo a m'matauni ena, amene amalipira ndi amene amazemba. Munthu wotere akaika ndalama zake pa bandi sakuchita juga yeniyeni, chifukwa wogula amamudziwa nkhope. Zambia Music Parlour inatulutsa zimbale zoyambirira za WITCH, n'kutenganso Amanaz, The Peace, Blackfoot ndi Ngozi Family, ndipo dzina la a Billy Nyati limapezeka pa zikuto monga woyang'anira kajambulidwe.

Kuti muone pamene ndalama zinkathera, tsatirani nyimbo imodzi. Bandi ikaimba mu situdiyo, mawu amalowa pa tepi yaikulu ya mkombero. Tepi yomalizidwa bwino, imene a ntchitoyi amaitcha masitala, ndiye chuma chenicheni, poti china chilichonse chimachokera pa iyo. Ku fakitale amaiseweretsa pa makina okhala ndi singano yakuthwa imene imajoba kamzere kamodzi kozungulirazungulira pa mbale yofewa, kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Mawu aphokoso amagwedeza singanoyo kwambiri, apansipansi pang'ono, ndipo kugwedezekako ndiye nyimbo. Mbale yofewayo amaiviika m'mankhwala n'kuikuta ndi chitsulo pogwiritsa ntchito magetsi, mpaka patuluke chidindo chachitsulo chimene mizere yake ndi yotukuka m'malo mokumbika. Zidindo zimakhala ziwiri, cha mbali iyi ndi cha mbali inayo. Pakati pake amaikapo chibuma cha pulasitiki wotentha pamodzi ndi timapepala tiwiri ta dzina, makina n'kupsinja, madzi ozizira n'kuumitsa, mpeni n'kudula zosefukira m'mphepete.

Mtengo waukulu uli pa masitepe oyambawo. Kujoba ndi kupanga chidindo kumadya ndalama zofanana kaya mudinda mbale zana kaya masauzande. Choncho kakampani kakang'ono kamakhala pa mphanda: kakadinda zochepa, mbale iliyonse imadula, kakadinda zambiri, ndalama zimagona m'makatoni. Ndiye kuli mitundu iwiri ya mbale. Yaing'ono ya mainchesi 7, yozungulira maulendo 45 pa mphindi, imanyamula nyimbo imodzi mbali iliyonse ndipo ndi imene munthu wa malipiro ochepa ankaikwanitsa. Yaikulu ya mainchesi 12, yozungulira pang'onopang'ono, imanyamula mphindi pafupifupi 20 mbali iliyonse. Chodabwitsa cha Zamrock n'chakuti inatulutsa zimbale zazikulu zambiri chotere m'dziko la anthu osakwana 6 miliyoni. Ndipo kumbukirani chinthu chimodzi, tidzachifuna kutsogoloku: pulasitiki wa mbale amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo Zambia ilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi.

Ulendo wa ku Nairobi unachepa pamene kampani ya Teal inakhala ndi fakitale yodinda mbale ku Ndola komweko. Izi zinathandiza, koma zinabweretsanso vuto lake. Teal inali ndi fakitale, komanso inkasaina oimba akeake. Kakampani kopanda makina kankadalira mnzake yemwe akupikisana naye pa bandi yomweyo, ndipo bandi ikatchuka, wa thumba lalikulu ndiye amatha kuilonjeza zida zatsopano. A WITCH anadzasamukira ku Teal. Zimenezi zimagwera timakampani tating'ono kulikonse: timapeza woimba asanadziwike, timamulera, ena n'kudzakolola.

Boma nalo linaponyapo dzanja. Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Nthawi imeneyo nyumba youlutsa mawu inali imodzi yokha, ya boma, ndiye lamulolo linali ndi mano. Oulutsa anadzidzimuka ali ndi maola ambiri oti adzaze koma mbale za kwathu zili zochepa pa shelefu. Aliyense amene anali ndi mbale yatsopano ya Mzambia anapeza wailesi ikumufuna. Mmodzi wa oulutsa a nthawi imeneyo, a Manasseh Phiri, amene pambuyo pake anadziwika monga dokotala wolimbana ndi Edzi, ndi amene amatchulidwa kuti anayambitsa dzina loti Zamrock. Olemba ena akunja amakamba ngati lamulo la a Kaunda ndilo linabala nyimbozi. Ine sindivomereza. Mabandi analipo kale, akuimba m'maholo, ndipo zimbale zoyamba zinali zitatuluka. Chimene lamulo linachita ndi kupatsa anthu ngati a Khuzwayo kutsatsa kwaulere m'dziko lonse, chinthu chimene sakanatha kuchigula ndi ndalama zawo.

Zaka za 1975 ndi 1976 ndizo zinali pachimake. Mu 1975 Zambia Music Parlour inatulutsa Africa, chimbale chokhacho cha Amanaz, anyamata a ku Kitwe otsogozedwa ndi a Keith Kabwe ndi a Isaac Mpofu, chojambulidwa ku Malachite m'masiku owerengeka. Nyimbo zambiri zili m'Chingerezi, zina m'Chibemba. Chimbale chimenechi chili ndi kankhani kake kosonyeza mmene kakampani kakang'ono kamagwirira ntchito: chinatuluka m'mitundu iwiri, wina wa mawu ouma, ng'oma zili patsogolo, wina wa mawu obwererabwerera ngati m'phanga, moti amamveka ngati akuchokera kutali. Chikuto chimodzi, nyimbo zomwezo, koma anthu awiri ogula nthawi zosiyana ankapita kunyumba ndi zinthu zosiyana. Ku kampani yaikulu zimenezi zikanafuna misonkhano. Chaka chomwecho a WITCH anatulutsa Lazy Bones!!, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, ndipo mu 1976 kunabwera Day of Judgement cha Ngozi Family.

Amene amazimva koyamba nyimbozi amadabwa ndi kukhakhala kwake. Gitala amalira mosasa, ngati sipika yang'ambika, chifukwa cha kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz. Ng'oma nthawi zina zimaphimba mawu. Pena woimba amaphonya pang'ono ndipo palibe amene anabwerera kukakonza. Azungu osonkhanitsa mbale amakukonda kwambiri kukhakhala kumeneku, mpaka ena amalemba ngati kunali nzeru zakuya. Kwina kunalidi kufuna kwa oimba. A Paul Ngozi phokoso ankalifuna dala. Koma kwina kunali kuchepa kwa ndalama basi. Makina ojambulira anali a njira zochepa zolowetsera mawu, bandi yonse inkaimba pamodzi m'chipinda chimodzi, ndipo ola lililonse lowonjezera linkatuluka m'thumba la munthu mmodzi. Ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo, mukanawapatsa sabata ina mu situdiyo, akanailandira ndi manja awiri.

Nanga kuno Kum'mawa zinkafika bwanji? Movutikira. Malonda a dziko lino anatsata njanji, kuchoka ku Livingstone kudzera ku Lusaka ndi Kabwe mpaka ku Migodi, ndipo Chipata ali kutali ndi mzere umenewo. Kuchoka ku Ndola kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, kenako enanso oposa 550 pa Great East Road, kutsika ku mlatho wa Luangwa n'kukweranso zitunda za ku Nyimba. Mbale ndi katundu wovuta pa ulendo wotere. Ikakhala padzuwa pamwamba pa basi ya UBZ mu Okutobala imapindika, ndipo yopindika singano imangodumpha. Kwa wogulitsa wa ku Ndola, kutumiza katoni ku tauni ya alimi olandira ndalama kamodzi pachaka, n'kumadikira malipiro miyezi, sikunali kokoma poyerekeza ndi Kitwe amene ali pakhomo. Choncho mbale zambiri zimene zinafika m'midzi yathu zinabwera m'masutikesi a obwera kutchuthi cha Khirisimasi, pamodzi ndi shuga, zitenje ndi galamafoni ya mabatire. Ena onse ankamvera pa wailesi, imene kuno inkagwiranso bwino MBC ya ku Malawi, moti khutu la munthu wa ku Chipata linkadya mbali ziwiri.

Amene anaboola mpaka kuno mosavuta ndi a Paul Ngozi, dzina lawo lenileni Paul Nyirongo, chifukwa cha chilankhulo. Pambali pa Chingerezi ankaimba m'Chinyanja cha m'tauni, chija cha m'makomboni a Lusaka, ndipo nkhani zake zinali za pakhomo: miseche, mowa, ana osamvera, umphawi, apongozi. Agogo amene sakanapirira phokoso la gitala ankatha kuimva nkhaniyo n'kuseka. Apa pali phunziro la malonda limene makampani analiona msanga. Rock ya m'Chingerezi inali ndi ogula m'matauni a njanji. Nyimbo ya m'chilankhulo cha kwathu inali ndi dziko lonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene zimbale zabwinozi zinkatuluka, nthaka inali itayamba kale kugumuka pansi pawo. Mtengo wa mafuta unakwera koopsa kumapeto kwa 1973. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira pakati pa 1974 ndipo sunadzukenso msanga. Dziko limene limagulitsa chinthu chimodzi n'kugula zina zonse kunja likafika pamenepo, ndalama zakunja zimayamba kugawidwa ndi boma, ndipo pa mzere wa ofuna madola, wa mankhwala a m'chipatala, wa feteleza ndi wa zida za mgodi amakhala patsogolo. Wa pulasitiki wa mbale amakhala kumchira. Tsono pa ntchito imeneyi pafupifupi chilichonse chinali chochokera kunja: tepi, pulasitiki, singano, nsambo za gitala, zikopa za ng'oma, timagalasi ta m'kati mwa amplifaya. Chimodzi chikasowa, zonse zimaima. Wogula nayenso anasintha. Munthu amene waima pa mzere kuyambira m'mamawa kufuna sopo, mafuta ophikira ndi unga sapita ku sitolo ya mbale pobwerera.

Kenako nkhondo ya ku Rhodesia inalowa m'dziko. Mu Okutobala 1978 ndege ndi asilikali a Smith anaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi, kumene a Alick Nkhata anafera. Kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi. Bandi imadya za usiku. Mbale zinkapatsa dzina, koma nsima ya tsiku ndi tsiku inkachokera pa chitseko cha holo, ndipo chitseko chikatsekedwa dzuwa likangolowa, oimba amayamba kufuna ntchito zina. A Jagari anasiya bandi n'kukhala mphunzitsi. Eni mabala nawo anazindikira kuti mnyamata mmodzi wokhala ndi mbale za disco ndi masipika awiri ndi wotchipa kuposa amuna asanu ofuna malipiro, chakudya ndi galimoto. A WITCH otsalawo anatembenukira ku disco pa zimbale za 1980 ndi 1984.

Chimene chinamaliza timakampani ndi kaseti. Kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963, koma kuno inafala m'zaka za m'ma 1980. Kwa womvera inali dalitso: siidumpha pa njinga, siifuna singano, imalowa m'thumba la malaya, ndipo wailesi ya kaseti imalira ndi mabatire kumudzi kopanda magetsi. Kunena zoona, kaseti ndiyo inafikitsa nyimbo ku Vubwi ndi ku Chama kuposa mmene mbale inachitirapo. Koma bwererani ku masamu aja. Kampani yalipira situdiyo, yalipira woimba, yalipira chidindo. Wokopa amagula mbale imodzi ndi makaseti opanda kanthu, basi. Sangalephere kugulitsa motchipa. Mbale inali ndi chitetezo chachibadwa, poti palibe amene akanaidinda kuseri kwa nyumba. Kaseti aliyense ankaijambula. Lamulo latsopano loteteza eni nyimbo linabwera mu 1994, nyumba itapsa kale.

Makutu a anthu nawo anali atasamuka. Zaka za m'ma 1980 zinali za kalindula, za a P.K. Chishala, Amayenge ndi Shalawambe, ndipo mwa njira ina lamulo lija la wailesi ndilo linakonza bwalo limeneli, poti linazoloweretsa dziko kumva zakezake. Ndiye panabwera Edzi. Inapulula oimba a m'badwo umenewo mopanda chisoni, mabandi ena kutsala munthu mmodzi kapena awiri. A Kaunda analengeza poyera mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Dzina la Zambia Music Parlour linazimirira pa zotuluka zatsopano, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 fakitale ya Teal nayo inaleka kudinda. Matepi ambiri a masitala anatayika kapena kuwonongeka, chifukwa tepi imafuna malo ozizira ndi ouma ndiponso munthu wolipidwa kuti aziisamala.

Nkhaniyi inadzukanso kudzera mwa timakampani tina tating'ono, ulendo uno takunja. Osonkhanitsa mbale zakale anayamba kupeza za ku Zambia n'kumagulitsana pa mitengo yokwera. Shadoks Music ya ku Germany inadindanso zingapo. Kenako inabwera Now-Again Records ya ku Los Angeles, imene Eothen Alapatt, wodziwika kuti Egon, anaiyambitsa mu 2002. Iyi inafunafuna oimba otsala ndi mabanja a omwalira kuti agwirizane. Mu 2010 inatulutsa nyimbo za a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, mu 2012 bokosi la zimbale za WITCH, ndipo mu 2017 magawo awiri a Welcome to Zamrock!, okhala ndi mbiri yolembedwa mothandizana ndi a Leonard Koloko, mlembi wa ku Zambia amene anali atasonkhanitsa kale mbiri ya oimba athu. Pamene masitala inapulumuka m'manja mwa woimba, ntchito inali yosavuta. Pamene inatayika, ankafuna mbale yakale yosakalika kwambiri, kuitsuka, kujambula mawu ake pa kompyuta n'kuchotsa kuthetheka kumodzikumodzi. Ndiye kuti zina mwa nyimbo zimene dziko lapansi likumva lero zinapulumuka chifukwa munthu wina wamba anagula mbale mu 1975 n'kuisunga bwino m'kabati.

A Jagari, amene panthawiyo ankakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwerera pa siteji. Filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 bandiyo, ili ndi a Patrick Mwondela ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku DB Studios komwe kuja. Sampa the Great, woimba wa ku Zambia, anaimba molemekeza Zamrock mu 2022. Mu 2023 Travis Scott wa ku America anadula kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz n'kuika m'nyimbo yake, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anachita chimodzimodzi ndi mawu a Chinyanja a a Paul Ngozi ochokera pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Achinyamata ambiri a ku Kapata ndi ku Mchini, makomboni a ku Chipata, anawamva koyamba a Ngozi pa foni, kudzera ku America.

Kudula kachidutswa kotereku kumalipiridwa, ndipo apa ndi pamene mbiri ya kakampani imasanduka nkhani ya lero. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini uwiri. Woyamba ndi wa nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi maimbidwe, ndipo ndi wa wopeka. Wachiwiri ndi wa chojambulacho, mawu amene analowa pa tepi tsiku lakutilakuti, ndipo kawirikawiri ndi wa amene analipira situdiyo, pokhapokha pepala litanena zina. Wofuna kugwiritsa ntchito kachidutswa ayenera kupeza chilolezo mbali zonse ziwiri. Ngati kampani inatsekedwa, wopeka anamwalira, ndipo mgwirizano unali wa pakamwa, ndalama zimasowa khomo logogoda, kapena zimagogoda pa khomo la amene ali ndi pepala lililonse looneka ngati umboni. Bungwe la ZAMCOPS limalembetsa nyimbo ndi kutolera ndalama za eni ake, koma silingalembe zimene mwini wake sanabweretse.

Ku Chipata lero kujambula sikufunanso Ndola kapena Nairobi. Situdiyo ndi chipinda chimodzi chomata matiresi kukhoma, laputopu, maikolofoni ndi masipika awiri. Chidindo kulibe, makatoni kulibe, ndipo nyimbo ikatha madzulo, usiku womwewo ili pa WhatsApp, mawa lake mwina pa wailesi ya Breeze FM. Mbali ya a Khuzwayo, ya munthu woika ndalama zake patsogolo chifukwa wakhulupirira khutu lake, ndi imene ikusowa. Woimba amadzilipirira yekha kwa pulodyusa nyimbo imodziimodzi. Akamaliza amapatsidwa fayilo imodzi yomvera pa foni. Mafayilo enieni, a ng'oma payokha, mawu paokha, gitala payekha, amene ndiwo masitala ya masiku ano, amatsala mu laputopu ya pulodyusa, ndipo nthawi zambiri palibe pepala lonena kuti ndi a yani.